Mpunga wa Loweruka

Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche mu Marichi 2023, amayi a mpingo wina mu Blantyre anamva chisoni ndi ana opemphapempha m'tauni. Anapangana zosonkha ndalama kuti Loweruka lililonse aziphika mpunga ndi nyemba n'kukagawira ana masikini ku Limbe. Nthawi zina ankatengako zovala za kaunjika, ndipo mwana aliyense ankamufumbatitsa K500 pobalalika. Palibe anganene kuti amayiwa anali achiphamaso. Ena mwa iwo anali akazi amasiye, ndipo chopereka chawo chinkachoka pa ndalama ya ndiwo.

Pa ana amene ankabwera panali mnyamata wa Sitandade 5, wamanyazi, amene sankalimbirana nawo mzere. Iyeyu sanali wa mumsewu. Ankagona kunyumba, m'kachipinda ka lendi ku Bangwe komwe mayi ake anasamukira nyumba yawo itapita ndi matope. Bambo anali atamwalira kale. Mayiwo ankayenda m'makomo kufunsa ganyu wochapa, ndipo tsiku limene apeza ankabwera ndi ka ufa ka m'pepala ndi bonya wa pambale. Mnyamatayo anamva za mpunga kwa mnzake, nayamba kupita Loweruka lokha, sukulu osajomba.

Amayi aja anamukonda chifukwa cha ulemu wake. Polandira ankagwada, n'kunena kuti, "Zikomo mama, Mulungu akudalitseni." Anzake akalandira K500, iye wina ankamuonjezera mobisa K1,000. Anamujambula atanyamula mbale, chithunzi chinazungulira pa gulu la WhatsApp la mpingo, chopereka chinakwera. Koma pa miyezi yonseyo panalibe anamufunsa kuti kwanu n'kuti, mayi ako ali moyo kodi, nanga ukuphunzira sukulu iti.

Mwana amadziwa kuwerengera. Anaona kuti Loweruka limodzi akubwera ndi ndalama yoposa imene mayi ake amapeza atachapa mabulangeti tsiku lathunthu mpaka zala kusupuka. Anzake anamuonetsanso poima masiku ena: pakhomo pa sitolo zazikulu, pa maloboti, pa depoti ya maminibasi. Anayamba kujomba Lachisanu, kenako Lolemba, mpaka yunifolomu inasanduka chovala chogonera. Mayi ake poyamba anakalipa. Koma mwezi utatha, mwini nyumba ataima pakhomo, ndalama ya mwanayo ndi imene inawapulumutsa. Kuyambira pamenepo anangoti chete, ndipo ine sindingawaweruze, chifukwa njala ikalowa m'nyumba manyazi amatuluka.

Chimene chinatsatira n'chimene chimandiwawa kwambiri. Mnyamatayo anazindikira kuti anthu amapereka msanga akaona mwana wamng'ono, choncho anayamba kutenga mlongo wake wa zaka 7. Amayi a mpingo atamuona mtsikanayo anati, "Kalanga ine, ana akungochuluka," n'kuonjezera mpunga mumphika. Sanadziwe kuti mphika wawo womwewo ndi umene ukuitana.

Mumsewu muli eni ake. Anyamata akuluakulu amene anakuliramo amalanda ndalama kwa aang'ono, amawatuma kuba, ndipo wokana amamenyedwa. Juzi imene mnyamata uja analandira inagulitsidwa tsiku lomwelo, ndalama n'kulowa m'thumba la wina. Tsiku lina atalandidwa zonse anaopa kubwerera kunyumba chimanjamanja, nagona pakhonde la sitolo atafunda katoni. Usiku woyamba analira. Wachiwiri anzake anamupatsa zoledzeretsa kuti asamve kuzizira kwa mwezi wa Juni. Patapita masabata angapo, kunyumba kunayamba kumutopetsa, chifukwa kulibe ndalama, kuli malamulo.

Nkhani inaululika mtsikana uja atagundidwa ndi njinga yamoto ya kabaza akuthamangira galimoto imene inatsitsa galasi. Anathyoka mwendo. Mmodzi wa amayi aja, mphunzitsi wopuma, anapita kukamuona kuchipatala, ndipo kumeneko anapeza mayi atakhala pansi m'mbali mwa bedi.

"Pepani, inu ndi ndani wake mwanayu?"

"Ndine mayi ake."

"Ali ndi mayi anawa? Ife timayesa ndi amasiye."

"Ndilipo, amayi. Kungoti manja anga ndi aafupi. Mukanandifunsa, ndikanakuuzani kuti chimene ndikusowa ndi mpamba. Kale ndinkakazinga mandasi, koma chiwaya ndi zonse zinapita ndi madzi."

Mphunzitsiyo atawerengera, anapeza kuti ndalama ya mpunga wa Loweruka limodzi ikanagula chiwaya, ufa wa tirigu, mafuta ndi shuga zoyambira geni.

Zimenezi si zachilendo kwa amene akhala pa ntchito yothandiza ana a mumsewu nthawi yaitali. Bungwe la Chisomo Children's Club, limene linayamba mu 1998 mu Blantyre kuchokera mu mpingo wa Living Waters, ndiponso la Tikondane ku Lilongwe, limene anayambitsa ndi masisitere a Chikatolika, amayamba ndi kucheza ndi mwana, kufufuza kwawo, kukambirana ndi abale ake ndi kumubwezera kusukulu. Adziwa kuti ana ambiri a mumsewu ali ndi kholo kapena wachibale, ndipo chimene chinawatulutsa ndi umphawi, nkhanza za pakhomo, kapena kutha kwa banja. Ndi ntchito yochedwa, yosajambulika bwino, yofuna kuyenda wapansi m'makwalala a Mbayani ndi Ndirande. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 nalonso limaika udindo wolera mwana pa makolo ndi abale, ndipo boma lililonse lili ndi ofesi yoona za chisamaliro cha anthu imene mpingo ungagwire nayo ntchito. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994, inde, koma kope, cholembera ndi yunifolomu zimagonjetsa mayi wodalira ganyu, ndipo pamenepa mpomwe dzanja la mpingo limafunika.

Amayi aja atakumana, panali kusamvana. Ena anati Ambuye analamula kudyetsa anjala, sanalamule kufunsa mafunso. Mphunzitsi uja anayankha modekha kuti, "Anzanga, sindikuti tileke kudyetsa. Ndikuti mbale tiziyiperekeza mpaka kunyumba kumene mwana wachokera." Anagwirizana zosiya kupereka ndalama m'manja mwa ana, ndipo anagawana awiriawiri kuti aziyendera makomo. Mayi uja anamupatsa mpamba, namulowetsa m'gulu lawo la banki m'khonde. Mtsikana atachira anayamba Sitandade 1.

Mnyamata ndiye zinavuta. Anamupeza, anabwera naye kunyumba, anamugulira yunifolomu yatsopano. Anakhala masiku owerengeka n'kuthawa. Anamubwezanso, koma m'kalasi anzake ankamutcha masikini, ndipo iye anali atazolowera kugwira ndalama yakeyake tsiku ndi tsiku. Ulendo womaliza anasowa ku Limbe konse. Anzake amati anakwera lole yopita ku Lilongwe, ndipo mpaka lero mayi ake akamva kuti wina akupita kumeneko amamutuma kuti akayang'aneko ku depoti ndi pansi pa mlatho wa ku msika.