Malangizo: RAM yosadya batire la laputopu

Lero tikucheza ndi inu amene mumadalira laputopu magetsi akazima. Kodi kusintha RAM kungathandize kuti batire lizikhalitsa?

Kungathandize, koma pang'ono. RAM ya DDR3 imayendera mavoliti 1.5, pomwe DDR3L imangofuna 1.35. DDR4 imayendera 1.2, ndipo DDR5 imayendera 1.1. Koma musathamangire kukagula yatsopano. Kabowo kolowetsera n'kosiyana, choncho DDR4 singalowe pamalo a DDR3, ngakhale mutaikakamiza bwanji.

Ngati laputopu yanu ndi yakale, ya kaunjika, tsegulani kumbuyo muwerenge zimene zalembedwa pa RAM. Mukaona PC3L, ndiye kuti ndi DDR3L, ndipo pogula ina mufunse yomweyo. Makina ena opangidwira DDR3L amakana kuyaka mukawaika DDR3 wamba. Wogulitsa akakuuzani kuti zonse n'zofanana, musamumvere.

Pogula laputopu yatsopano mudzamva za LPDDR. Imeneyi imasungadi moto, makamaka laputopu ikagona, koma nthawi zambiri imakhala yowotcherera mkati, siichotsedwa. Mukatenga ya 8GB, mudzakhala ndi 8GB mpaka laputopuyo idzathe. Ngati ndalama zilipo, tengani ya 16GB.

Komabe chimene chimamaliza batire kwambiri ndi kuwala kwa sikirini ndi mapulogalamu ambiri otseguka nthawi imodzi. Chepetsani kuwalako, tsekani zosafunika, ndipo ngati mudakali ndi hard disk yakale, ikanimo SSD musanaganize za RAM.