Kuchotsa Kamzere Koyera M'mbali mwa Chithunzi

Anzanga, mukadula pa kompyuta chithunzi cha wovina ngoma wa ku Lizulu, kuti kumbuyo kwake kukhale kopanda kanthu, mudzaona kamzere koyera katatsala m'mbali mwa nthenga ndi chishango. Chifukwa chake nchakuti timadontho ta m'mphepete tasakaniza mtundu wa munthuyo ndi kuwala kwa thambo.

Tsono ine mu GIMP ndimachepetsa malo osankhidwawo ndi kadontho kamodzi kapena tiwiri, osapitirira, kuopa kudya nthenga zomwe. Kenaka ndiyala mtundu wakuda kumbuyo. Chilema chonse chionekera pomwepo, ndipo ndifufuta pang'onopang'ono. Ndikatha ndichotsanso wakudawo.

Posunga sankhani PNG. JPEG siisunga malo opanda kanthu, ndipo Mngoni wathu angatuluke m'magazini ano ali m'bokosi loyera.