Kusiyana kwa Paini ndi Mkungudza pa Phiri la Mulanje

Anthu ambiri amayesa kuti paini ndi mkungudza ndi mtundu umodzi chifukwa yonse imakhala yobiriwira chaka chonse ndipo imatulutsa matabwa. Komabe mitengoyi ndi yosiyana pa chiyambi chake komanso pa tsogolo lake.

Paini ndi mtengo wobwera. Mtundu wa Pinus patula, womwe masamba ake onga singano amalendewera pansi, unachokera ku Mexico ndipo umakonda malo okwera ndi ozizira monga Chikangawa, Zomba ndi Dedza. Mtundu wa Pinus kesiya unachokera ku Asia ndipo umapirira m'malo ofundirapo. Bungwe la IUCN, lomwe limalemba mndandanda wa zamoyo zomwe zili pangozi, limaika mitundu iwiriyi m'gulu la mitengo yosadetsa nkhawa. Pa phiri la Mulanje, Pinus patula amadzimerera yekha n'kumalanda malo a zomera zachilengedwe, n'chifukwa chake akatswiri akhala akumuchotsa.

Mkungudza wa ku Mulanje, wotchedwa Widdringtonia whytei, sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi. Unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malawi mu 1984. Matabwa ake ndi onunkhira ndipo sadyedwa ndi chiswe, koma ubwino womwewu ndi umene wauika m'mavuto. Kudula mozemba ndi moto wolusa zaupulula kotero kuti IUCN imauika m'gulu la mitengo yotsala pang'ono kutheratu. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha pa phiri lonse.

Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, mogwirizana ndi Dipatimenti ya Zankhalango komanso anthu a m'midzi yozungulira phirili, labzala mbande zambiri za mkungudza. Koma mbandezi n'zanthete, ndipo moto wa tsiku limodzi ungawononge ntchito ya zaka zingapo.

Choncho womanga nyumba agule matabwa a paini kwa ogulitsa ovomerezeka, ndipo akane a mkungudza, pakuti wogula ndiye amalimbikitsa wodula. Wofuna kubzala paini abzale pamalo pake kumunsi, osati pamwamba pa phiri. Mafumu ndi makomiti a zachilengedwe a m'midzi alimbikitse kulambula njira zotchinga moto chilimwe chisanafike, ndipo aliyense woona utsi kuphiri adziwitse alangizi a zankhalango mwamsanga.