Phunziro: Liwu Limodzi, Matanthauzo Ambiri

Cholinga

Pakutha pa phunziroli, mphunzitsi athe kufotokoza chifukwa chimene liwu limodzi limakhalira ndi matanthauzo osiyana m'zilankhulo zosiyana, ndiponso athe kuthandiza mwana amene wasokonezeka nalo.

Chiyambi

Tiyerekeze kuti muli m'kalasi ku Angónia. Mwalemba pabolodi chiganizo cha Chipwitikizi chakuti *A moto é vermelha*, ndipo mwauza ana kuti ajambule chimene awerenga. Inu mukuyembekeza njinga yamoto yofiira, koma mwana wina wajambula nkhuni zikuyaka. Kodi mwanayu walakwa? Iye wawerenga bwino, ndipo waganiza bwino, pakuti moto nawonso ndi wofiira. Chimene sanazindikire n'chakuti liwulo lili m'chilankhulo china.

Ulendo wa liwu lakuti *moto*

M'Chinyanja, moto ndi umene timasonkha, timaotha ndi kuphikira. Mu Chisena, Chinyungwe, Chishona ndi Chiswahili tanthauzo lake ndi lomwelo. Izi sizinachitike mwangozi: zilankhulozi n'za banja limodzi la Chibantu, ndipo zinalandira liwuli kwa kholo limodzi.

Mu Chipwitikizi nkhani yake ndi ina. *Moto* ndi chidule cha *motocicleta*, ndipo ambiri amati *mota*. Tsinde lake ndi la Chilatini, lonena za kuyenda kwa chinthu. N'chifukwa chake mu Chitaliyana *moto* amatanthauza kuyenda, komanso njinga yamoto. Mu Chijapani *moto* ndi gwero kapena chiyambi. Apa palibe chibale chilichonse ndi Chinyanja. Mawu aafupi amapangidwa ndi maliwu ochepa, choncho n'kosavuta kuti zilankhulo zotalikirana zikumane pa liwu limodzi mwangozi.

Chilingala cha ku Congo chimatiphunzitsa china. Kumeneko zilembo zinayi zomwezi zikhoza kutanthauza munthu, mutu kapena moto, malinga ndi katchulidwe ndi kukwera kapena kutsika kwa mawu. Ifenso tili nazo zotere: *mtengo* wa m'nkhalango ndi *mtengo* wa chimanga pamsika timalemba mofanana, koma khutu limasiyanitsa.

Zoyenera kuchita m'kalasi

Choyamba, musamudzudzule mwana wojambula malawi uja. Akachita manyazi pamaso pa anzake amaphunzira kuti chilankhulo cha kwawo n'cholakwika, ndipo amasiya kuyankha. Muyamikireni kaye pa chimene akudziwa, kenaka muonjezere chatsopano.

Chachiwiri, ana adziwe nthawi zonse chilankhulo chimene mukugwiritsa ntchito. Gawani bolodi pakati, mbali ina ya Chinyanja, ina ya Chipwitikizi.

Chachitatu, musaphunzitse liwu palokha. Liikeni m'chiganizo, kuti mawu oyandikana nalo aonetse njira. M'Chinyanja timati *moto wazima*, ndipo *wa-* akugwirizana ndi dzinalo. Mu Chipwitikizi dzinalo limatsogozedwa ndi *a*, monga *a moto parou*.

Chachinayi, phunzitsani khutu. Mu Chipwitikizi *o* wakumapeto kwa liwuli amamveka ngati *u*, pamene m'Chinyanja amakhala *o* ndithu. Mwana amene anayamba kuwerenga m'Chinyanja adzatchula monga anazolowera, kufikira mutamusonyeza kusiyanako.

Ntchito

1. Awiriawiri, fotokozani matanthauzo a *mata*, *bala* ndi *fala* m'Chinyanja ndi mu Chipwitikizi. Pangani chiganizo chimodzi pa tanthauzo lililonse.
2. Funsani anzanu olankhula Chiyao kapena Chinyungwe ngati mawuwa alipo kwawo, ndipo lembani zimene akuuzani.
3. Konzani phunziro la mphindi khumi la liwu lakuti *moto*, lokhala ndi zithunzi ziwiri. Lembani mawu enieni amene mudzamuuze mwana wojambula malawi uja, kenaka muwayeserere pamaso pa gulu lanu.