Khola Loti Vumbwe Alephere: Mafunso ndi Mayankho kwa Oweta Nkhuku ku Chifunde

Kodi chikutitha nkhuku n'chiyani?

Adani alipo amasana, alipo ausiku. Masana ndi kabawi, mphamba ndi khwangwala, amene amalimbana ndi anapiye, komanso likongwe wobisala mu udzu. Usiku kumabwera vumbwe, fungwe, agalu ndi njoka. M'midzi ya ku Mualadzi kapena ku N'sadzo, kumene tchire lili kuseri kwa nyumba, nkhuku yogona mumtengo ndiye kuti mwaipereka ndi manja anu.

Khola labwino likhale lotani?

Likhale lam'mwamba, mita imodzi kuchokera pansi, pa mizati yosagwa chiswe msanga. Pogona pake yalani nsungwi mothinana, mpata wongokwana chala, kuti zitosi zizigwa koma dzanja la chilombo lisapite. Ambirife timalimbitsa chitseko n'kuiwala kampata ka pansi pa denga, chonsecho likongwe ndi njoka, pamene palowa mutu thupi lonse limatsatira. Mzati uliwonse uvekeni lata losalala, ngakhale la chitini chakale, kuti makoswe aziterereka. Nkhuku zikalowa madzulo, chotsani makwerero, mutseke ndi mpiringidzo.

M'nyengo ya dzinja musaiwale linthumbu, limene limapha thadzi lofungatira usiku umodzi. Lambulani pozungulira khola, muwaze phulusa patsinde pa mizati.

Waya ndi wodula. Mpanda tiumange ndi chiyani?

Nsungwi kapena bango zimakwanira, bola muzizike mozama. Mukapeza waya, m'munsi mwake mukwirire masentimita 30, chifukwa galu amakumba. Pamwamba yalani nthambi kuti mphamba asowe potsikira.

Nanga anapiye?

Apa ndi pamene mtima umapweteka: thadzi kuswa khumi, okula atatu okha. Masabata asanu ndi limodzi oyamba asungeni ndi make m'kampanda kofolera kapena pansi pa dengu lalikulu lopita mpweya, pamthunzi. Apatseni gaga, chiswe, masamba odula ndi madzi m'mbale yosazama kuti asamire. Ntchito ndi yochuluka, inde, makamaka nthawi yolima, koma anapiye ambiri amathera m'masabata amenewa.

Kodi khola lotere liteteza ku chitopa?

Ayi. Chitopa n'chofuna katemera wa I-2, kadontho kamodzi m'diso la nkhuku, katatu pachaka: Marichi, Julayi ndi Novembala. Funsani alangizi a ziweto ku ofesi ya SDAE ya boma lathu kuti akuuzeni wotemera wa dera lanu.