Phunziro la Mwezi Uno: Mafumu a ku Rumphi ndi Malamulo a Angerezi

Awerengi athu ambiri adziwa kuti likulu la Mfumu Chikulamayembe lili ku Bolero, m'boma la Rumphi. Koma ndi owerengeka okha amene adziwa malamulo amene ankapatsa mafumu mphamvu, kapena kuwalanda, m'masiku a Angerezi. Mwezi uno tiona malamulo amenewa, pakuti munthu sangamvetse bwino ntchito ya mfumu ya lero ngati sadziwa kumene inachokera.

Anapanga malamulo ndani?

Dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi m'chaka cha 1891. M'chaka cha 1907 kunafika lamulo lochokera ku London, lotchedwa Nyasaland Order in Council. Lamuloli linatcha dziko dzina lakuti Nyasaland, ndiponso linakhazikitsa Nyumba ya Malamulo ku Zomba. M'nyumbamo munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe kufikira 1949. Tsono malamulo onena za mafumu ankapangidwa ndi Bwanamkubwa pamodzi ndi Azungu anzake, eni dziko ali panja.

Ufumu wa Chikulamayembe ndi wakale kuposa malamulo onsewa. Akuluakulu amati unayamba ndi Mlowoka, amene anaoloka nyanja kudzagula minyanga ya njovu ku Nkhamanga. Ufumuwu unapasuka pamene Angoni a M'mbelwa anagonjetsa dzikolo m'zaka za m'ma 1800. Unadzukanso mu 1907, pamene Boma linavomera Chilongozi Gondwe, amene kale anali wapolisi, kuti alowe dzina la Chikulamayembe.

Lamulo la 1912

Lamulo loyamba lolongosola ntchito za mafumu linatuluka mu 1912, ndipo dzina lake linali District Administration Native Ordinance. Linagawa maboma m'zigawo, ndipo m'chigawo chilichonse Boma linaikamo mfumu yotchedwa Principal Headman, nyakwawa za m'midzi zili pansi pake. Ntchito yake inali kuthandiza posonkhetsa msonkho, kukanena kuboma ngati wina wapalamula, ndi kuona kuti midzi ndi miseu zili zosamalika. Mfumu yotere inali ngati mthenga wa bwana wa paboma. Inalibe bwalo la milandu lovomerezeka ndi lamulo, ndipo Boma linali ndi ufulu wosankha munthu amene lafuna, ngakhale asakhale wa kubanja lachifumu.

Malamulo awiri a 1933

Zinthu zinasintha pa nthawi ya Bwanamkubwa Sir Hubert Young. Mu 1933 kunatuluka Native Authority Ordinance ndi Native Courts Ordinance. Lamulo loyambalo linalola mfumu kuika malamulo ang'onoang'ono a m'dziko lake, malinga Boma litavomera. Lachiwirilo linaipatsa bwalo loweruza milandu ya maukwati, ngongole, ndeu ndi ina yotere potsata mwambo wa anthu. Pambuyo pake kunabwera thumba la mfumu, m'mene munkalowa gawo la msonkho ndi ndalama za pabwalo, zolipirira alembi ndi amesenjala.

Ku Nkhamanga, Chilongozi anamwalira mu 1931, ndipo mu 1932 analowa John Hardy Gondwe, munthu wophunzira, amene M'busa Edward Bote Manda wa ku Livingstonia anamuchirikiza kwambiri. Iyeyu ndiye anakhala Native Authority pansi pa lamulo latsopanoli. Si onse anakondwera. Popeza tsopano ufumu unali ndi bwalo ndi thumba, funso lakuti ndani ali pansi pa yani linakula, ndipo mafumu ena anadandaula kuti makolo awo ankadzilamulira okha.

Chingwe chinali ndi Bwanamkubwa

Pano ndiye pagona phunziro lathu. Lamulo lomwe linakweza mfumu linapatsanso Bwanamkubwa mphamvu zoichotsa. Tsono mfumu inakhala pakati pa moto uwiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Boma linakhwimitsa malamulo a malimidwe, monga kuunda mizere yopingasa pofuna kuteteza nthaka. Amene ankalipiritsa anthu okana anali mabwalo a mafumu, ndipo mkwiyo wa anthu unkagwera mfumu yawo yomwe. Mfumu ikaima ndi anthu ake inkaika mpando wake pachiswe. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando chifukwa chokana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi kuuza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe.

Dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964. Lamulo la Mafumu la 1967 linapereka kwa Pulezidenti mphamvu zovomereza ndi kuchotsa mafumu, zimene kale zinali ndi Bwanamkubwa. Motero mpando wa mfumu unakhalabe ndi miyendo iwiri, wina mwambo wa makolo, wina lamulo la Boma.

Mafunso a ana a sukulu

Aphunzitsi angathe kufunsa ana mafunso awa:
1. Kodi lamulo la 1912 linasiyana bwanji ndi malamulo a 1933?
2. Chifukwa ninji malamulo a malimidwe anadanitsa mafumu ndi anthu awo?
3. Funsani akuluakulu a kwanu: mfumu ya m'dera lanu inali yani pamene dziko linalandira ufulu?