Phunziro la za Umoyo: Chakudya Chosunga Maso ndi Mapiritsi Ogula

Diso ndi chiwalo chaching'ono, koma ntchito yake njaikulu kopambana. Mlimi amene maso ake achita mdima sangapalire, ndipo mai wosaona bwino sangasankhe mpunga kapena kulonda mwana pafupi ndi moto. Lamulo lachisanu la Mulungu, loletsa kupha, lilamulanso Mkristu kusamala thupi lake ndi matupi a ana ake. Tsono masiku ano kwabwera amalonda oyenda ndi mabotolo a mapiritsi, nanena kuti womwa mapiritsiwo sadzachita khungu. Nkoyenera kuti mabanja adziwe choona pa nkhani imeneyi, angataye ndalama zao ndi maso ao omwe.

1. Dzimbiri la m'thupi

Khasu losiyidwa pabwalo lichita dzimbiri, ndipo nthochi yosenda ida pakapita kanthawi. Zonse ziwirizi zichitika chifukwa cha mpweya wa okosijeni. M'thupi la munthu muchitikanso zotere pang'onopang'ono, makamaka m'diso, pakuti diso lilandira kuwala kwa dzuwa tsiku lonse. Utsi wa fodya ufulumiza kuonongeka kumeneku. Koma Mlengi adaika m'zakudya tinthu tina toletsa dzimbirilo, timene anthu ophunzira atitcha ma antioxidant. Ena mwa iwo ndi vitamini C, vitamini E, beta-carotene, lutein ndi zeaxanthin.

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kolandira kuwala, dzina lake retina, ndipo pakati pake pali kadontho kachikasu kotchedwa macula, kamene munthu awerengera malembo ndi kuzindikirira nkhope. Chikasu chakecho ndi lutein ndi zeaxanthin. Thupi silingathe kuzipanga lokha: lizitenga m'chakudya basi.

2. Zili m'dimba ndi m'munda

Lutein apezeka wambiri m'masamba obiriwira kwambiri, monga bonongwe, nkhwani, kholowa, chisoso ndi mpiru. Zeaxanthin apezeka m'chimanga chachikasu, ndipo dzina lake lomwe lidachokera ku dzina la chimanga pa Chilatini. Zonse ziwiri zili m'chikasu cha dzira. Vitamini C ali m'magwafa, m'malalanje ndi m'malambe. Vitamini E ali m'mtedza ndi m'mafuta a mpendadzuwa. Beta-carotene ali m'maungu, m'mango akupsa, m'mapapaya ndi m'mbatata yofiira m'kati.

Pali mau awiri kwa amai ophika. Loyamba: lutein ndi beta-carotene zilowa bwino m'magazi ngati m'ndiwo muli mafuta pang'ono, motero ndiwo zotendera ndi nsinjiro ziposa ndiwo za madzi ndi mchere okha. Lachiwiri: soda kapena chidulo, ndiponso kuphika masamba nthawi yaitali, ziononga vitamini C.

3. Ana ndi vitamini A

Thupi lisandutsa beta-carotene kuti akhale vitamini A. George Wald adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 1967 chifukwa adaonetsa m'mene retina igwiritsira ntchito vitamini ameneyu polandira kuwala. Mwana wosowa vitamini A ayamba kupunthwa kukangoda; pambuyo pake maso ake auma, nachita zilonda, mpaka khungu losachizika. Chikuku chikulitsa ngoziyi. M'chaka cha 1986 Alfred Sommer ndi anzake adalengeza zimene adapeza ku Indonesia, kuti kupatsa ana vitamini A kudachepetsa imfa zao pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Nchifukwa chake ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 alandira vitamini A kusikelo pa miyezi 6 iliyonse. Awa ndi mankhwala oona, ndipo makolo olephera kupita ndi ana ao kusikelo alakwira anawo. Koma mai wapakati asamwe vitamini A wamphamvu popanda mau a dotolo, chifukwa akachuluka angapundule mwana wa m'mimba.

4. Zimene madotolo adapeza

Ku America, bungwe la National Eye Institute lidayesa mapiritsi ameneŵa pa anthu okalamba oposa 3,600, pa kafukufuku wotchedwa AREDS. Lidawapatsa vitamini C, vitamini E, beta-carotene ndi zinki wambiri, nililengeza zotsatira m'chaka cha 2001. Mwa iwo amene macula yao inali itayamba kale kuonongeka ndithu, ngozi yakufika pa matenda aakulu idachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anai pa zaka 5. Koma kwa amene nthendayo inali isanakule sipadaoneke phindu, ndipo mapiritsiwo sadaletse ng'ala konse.

Padapezekanso choopsa. M'chaka cha 1994 ku Finland, kafukufuku wa amuna osuta fodya oposa 29,000 adaonetsa kuti omwa mapiritsi a beta-carotene adadwala khansa ya m'mapapo koposa anzao osamwa. Motero pa kafukufuku wachiwiri wa AREDS, wolengezedwa m'chaka cha 2013, madotolo adalangiza kuti lutein ndi zeaxanthin ziloŵe m'malo mwa beta-carotene. Chinthu chothandiza m'dzungu chingathe kupweteka chikaunjikidwa m'botolo.

Phunziro lake nali: mapiritsi otere ndi a munthu amene dotolo wa maso wamuyesa, napeza nthenda ya macula. Sabweza maso amene adaonongeka kale, angochedwetsa nthendayo. Kwa ena onse, mbale ya ndiwo zamasamba ndi chipatso cha tsiku ndi tsiku zikwana, pamodzi ndi kuleka fodya.

5. Za ng'ala

Agogo ambiri a m'midzi achita khungu chifukwa cha ng'ala. Palibe piritsi, tsamba kapena mankhwala odontheza amene angasungunule ng'ala. Ichotsedwa ndi opareshoni yaifupi, monga achitira ku chipatala cha Nkhoma ndi ku zipatala za maso za ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ambiri aonanso m'mawa mwake. Mwana amene agulira kholo lake mabotolo mwezi ndi mwezi, osapita nalo kuchipatala, alisunga mumdima ngakhale cholinga chake nchabwino. Ndalama ya botolo limodzi ikadakhala yokwerera basi. Kuperekeza nkhalamba yotere kwa dotolo ndi ntchito yachifundo yoyenera Akristu a mphakati uliwonse.

Mafunso okambirana

1. Kodi lutein apezeka m'ndiwo ziti za kwanu, ndipo ziphikidwe bwanji?
2. Ndani ayenera kumwa mapiritsi a maso, nanga ndani sayenera?
3. M'mphakati mwanu muli okalamba angati osaona bwino, ndipo adzawaperekeza ndani kuchipatala?